Bwanji Dedza sikukula pamene ili pamsewu waukulu?

Bambo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira imelo. Akufuna kubwerera kumudzi kudzayamba bizinesi pa Dedza boma, koma akudabwa kuti tauni yoyandikana ndi M1 komanso chipata cha Mozambique ikadali yaing'ono chonchi.

Bambo, chuma pa Dedza chilipo, koma chimangodutsa.

Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'Malawi muno mulibe ina yokwera kuposa apa. Phiri la Dedza limafika mamita 2,198. Mu June ndi July nkhungu imaphimba msewu m'mawa, amayi pamsika atadzikulunga zitenje ziwiriziwiri. Kuzizira komweku ndiko kumabereketsa kachewere, kabichi ndi nyemba, ndiponso kunakulitsa mitengo ya paini m'phirimo ndi ku Chongoni.

Anthu anakhazikika kuno kalekale. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inawazindikira mu 2006 ngati malo ofunika kusungidwa. Zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. M'zaka za m'ma 1800 kunafika Angoni ndi Ayao. Sekondale ya Dedza, imene ambiri amangoti Box 48, inatsegulidwa mu 1951 ndipo yaphunzitsa akuluakulu ambiri, ngakhale ambiri mwa iwo anakathera ku Lilongwe ndi Blantyre. Pa nkhondo ya ku Mozambique kunadzaza othawa kwawo mpaka mtendere utabwera mu 1992.

Chimandiwawa ine ndi ichi: Lilongwe ili pafupi kwambiri, makilomita 85 okha. Venda amafika ndi lole, n'kugula kachewere ndi thumba losokerera pamwamba, mlimi alibe posungira ndiye amangovomera mtengo. Tchipisi chikakazingidwa mumzinda, phindu limatsala komweko. Nawo msewu wa M1 umalambalala pakati pa tauni, choncho malole opita ku Tete amaima pachipata basi.

Komabe onani Dedza Pottery, yomwe inayamba mu 1987. Dongo amaliumba pompano, ndipo apaulendo amapatuka dala kukagula makapu ndi mbale. Inunso musabwere kudzatsegula golosale ina, zilipo zokwanira. Ganizirani za nyumba yosungiramo kachewere, mbewu yabwino yoti alimi a ku Bembeke azigula, kapena ukalipentala wa matabwa a paini. Mudzafike nthawi yokolola, mudzakhale pamsika m'mawa n'kuona mitengo musanaike ndalama zanu.