Kalatayo musasaine, achemwali

Achemwali ena a ku Cosmo City, kuno ku Johannesburg, andilembera imelo sabata ino. Agwira ntchito zaka zitatu pa lesitilanti ina ku Randburg, malipiro R5,000 pamwezi. Abwana akuti bizinesi sikuyenda, ndipo awapatsa kalata yoti asaine kuti akusiya ntchito mwa kufuna kwawo. Akufunsa ngati Mmalawi angalandire UIF, ndalama zothandiza munthu ntchito ikamuthera, komanso kuti ndi zingati.

Achemwali, kalatayo musasaine. Zina zonse zidikire kaye.

Imelo yanu yandikumbutsa zowawa. Ndinkagwira ntchito pa kampani ina yolongedza katundu cha ku Germiston. Pa payslip pankaoneka bwinobwino kuti ya UIF akudula mwezi ndi mwezi. Mu 2020, nthawi ya Covid, boma litayamba kupereka ndalama za TERS, zochokera ku UIF zothandiza antchito amene ntchito zawo zinaima, anzathu a konkuno analandira, ife a mapasipoti mayina osapezeka m'kompyuta. Ankadula, koma osatilembetsa. Titakadandaula ku Labour, ofesi ya boma yoona za ntchito, ndi pomwe anatilembetsa. Sipanapite nthawi, anayamba kutiitana mmodzimmodzi mu ofesi, kalata ili kale pa tebulo, cholembera pambali. Bambo wina wa ku Mangochi, munthu wamkulu, ana ali pasukulu kumudzi, anasaina chifukwa anamulonjeza kalata yabwino yokafunira ntchito kwina. Ku Labour anakamuuza kuti wosiya yekha salandira kanthu. Tinamuperekeza ku Park Station, ya basi tinachita kusonkherana.

Abwana otere ndimakwiya nawo, koma chomwe chimandipweteka kwambiri ndi mantha athu. Tinakula tikumva kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndiye kufunsa bwana za ndalama yako timakuyesa mwano. Ine ndikukana. Ulemu ndi wabwino, koma ulemu wogonetsa ana ndi njala ayi. UIF si mphatso ya boma la South Africa kwa alendo. Ili ngati chipereganyu: iwe umasonkha 1 peresenti ya malipiro ako, bwana 1 peresenti, ndipo tsiku lako likafika uyenera kulandira. Ngakhale ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni ali momwemo kuyambira 2003, bola azigwira maola oposa 24 pamwezi. Ndi achemwali angati ku Sandton ndi ku Fourways amene madamu awo sanawatchulirepo zimenezi?

Ndikaganiza agogo athu a Wenela ndi TEBA, omwe anathera mphamvu m'migodi ya kuno n'kukalamba akulondola ndalama zawo, sindifuna kuti ife tibwereze zomwezo tili ndi foni m'manja. Ndipo inu amene mumaima panja pa maofesi n'kumati "ndipatseni R500 ndikuyendetsereni", lekani. Kupempha UIF ndi kwaulere.

Tsono yankho lanu

Inde, mlendo amalandira, ngati ankasonkha ndipo pasipoti ndi chilolezo chake chogwirira ntchito zili bwino. Zimachedwerapo chifukwa amayamba atsimikiza mapepala ku Home Affairs. Amalandira ndi wochotsedwa, wothera kontrakiti, kapena amene kampani yake yatsekedwa. Choncho uzani abwana akupatseni fomu ya UI-19, yomwe amalembapo za ntchito yanu, ndipo yang'anitsitsani nambala ya chifukwa chomwe ntchito yathera: 11 ndi kuchepetsa antchito, 6 ndi kusiya wekha. Akakukakamizani kusaina, pitani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30. Tengani UI-19, pasipoti, mapayslip ndi fomu ya UI-2.8 yodindidwa ku banki yanu, mupite ku Labour Centre ya ku Randburg. Muli ndi miyezi 12, koma musazengereze.

Ndalama zake zimakhala pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro, wolandira zochepa ndiye amapeza gawo lokulirapo, ndipo sawerengera malipiro opitirira R17,712. Inu a R5,000 yembekezerani cha m'ma R2,300 pamwezi. Masiku anayi aliwonse amene munagwira amakupatsani tsiku limodzi, ndiye zaka zitatu ndi masiku pafupifupi 270, koma akakwana 238 ndalama imatsika kufika pa 20 peresenti. Mawa lomwe pitani ku Labour ndi pasipoti yanu, mukafunse ngati dzina lanu lilimo.