Yankho pa funso la zithunzi za ku Nc'wala

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake zithunzi zimene munajambula ku Nc'wala, mwambo wa Angoni umene umachitikira ku Mtenguleni m'dziko la Zambia, zikungooneka ngati chipwirikiti cha anthu, pomwe za atolankhani zimafotokoza nkhani. Ine ndikuona kuti vuto si kamera yanu, koma malo amene munaima.

Ambiri amajambula ataimirira, ndipo chimene amapeza ndi mitu ndi misana yokhayokha. Impi (magulu a ankhondo a Chingoni) zikamavina ngoma, gwadani bondo lifike pansi, kuti zishango ndi zibonga zioneke bwino kutsogolo kwa mitambo ya mu February, ndiponso kuti phazi limene likumenya nthaka lilowe m'chithunzi. Pagulu lonselo sankhani munthu mmodzi, mwina nkhalamba imene thukuta likutsika pansi pa chikopa cha kumutu, ndipo ena onse akhale ongomuperekeza.

Munthuyo musamuike pakatikati nthawi zonse. Makamera a mafoni ambiri ali ndi mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa. Muiyatse, nkhope ikhale pamene mizereyo yakumana, ndipo musiye mpata kumbali imene iye akuyang'ana. Musanadine, yang'anani kumbuyo kwake, chifukwa ine ndinataya chithunzi chabwino cha ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, pamene mtengo wa tenti unaoneka ngati wamera pamutu pa wovina.

Kudula m'mphepete mwa chithunzi ndi kololedwa, koma kufufuta mtengo wotero pakompyuta, kapena kuuza anthu kuti abwereze zimene anachita, utolankhani umakana.