Nyimbo ya mkango ija mwini wake ndi Solomon Linda

Achimwene, mwafunsa ngati mungaimbenso "The Lion Sleeps Tonight" m'Chichewa osapempha chilolezo. Ayi. Nyimboyi si ya Disney, ndipo amene akukuuzani kuti "ndi yachikhalidwe, ilibe mwini, ingoikanimo mawu a Chichewa mutulutse" akukukankhirani m'dzenje. Mawu omwewo oti ilibe mwini ndi amene anasaukitsa mwini wake mpaka kumanda. Nkhani iyi imandiwawa mumtima nthawi zonse ikatchulidwa.

Anaipeka ndi Solomon Linda, Mzulu, yemwe ankaimba ndi gulu lake la Evening Birds ku Johannesburg. Mu 1939 analowa mu situdiyo ya kampani ya zimbale ya Gallo n'kujambula "Mbube", kutanthauza mkango. Kamawu kokwera m'mwamba kaja, kamene ngakhale mwana amakang'ung'udza lero, kanatuluka pakamwa pake chakumapeto kwa nyimboyo. Chimbalecho chinagulidwa pafupifupi 100,000, mpaka maimbidwe onse a makwaya aamuna aja anayamba kutchedwa mbube. Linda ufulu wake wa nyimboyo anausiya m'manja mwa kampaniyo pa mashilingi 10, ndipo ankagwira ntchito yolongedza zimbale pakampani pomwepo.

Chimbale chija chinafika ku America, wosonkhanitsa nyimbo zachikhalidwe Alan Lomax n'kuchipereka kwa woimba Pete Seeger. Seeger sankamva Chizulu, ndiye pamene anyamata ankati "uyimbube" iye anamva "wimoweh". Gulu lake la The Weavers linaitulutsa ku kampani ya zimbale ya Decca ndi dzina limenelo ndipo mu 1952 inali pa ndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri. Pamalo pa wopeka panalembedwa Paul Campbell. Munthu ameneyu sanabadwepo. Linali dzina longopeka lomwe ankalembapo nyimbo zomwe ankati zilibe mwini, kuti ndalama za wopeka zikhale ndi kolowera. Seeger pambuyo pake anatumizira Linda madola 1,000, komabe nyimbo inali itapita kale.

Tsopano mvetserani za 1961 ndi 1962, chifukwa apa ndiye popweteka. Ku kampani ya zimbale ya RCA Victor, George David Weiss, Hugo Peretti ndi Luigi Creatore anaikamo mawu achingerezi, n'kuitcha "The Lion Sleeps Tonight", n'kulembapo mayina awo atatu. Anyamata a The Tokens anaijambula, ndipo inaikidwa kuseri kwa chimbale, kutsogolo kuli nyimbo ina yotchedwa "Tina". Oulutsa mawu pa wayilesi ndi amene anatembenuza chimbalecho. Pofika Disembala 1961 inali nambala 1 pa Billboard Hot 100, ndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, ndipo inakhalapo milungu itatu. Ku Britain inafika nambala 11, kenako Karl Denver anatulutsa "Wimoweh" yake n'kufika nambala 4 kumayambiriro kwa 1962. Chaka chomwecho cha 1962 Linda anamwalira ndi matenda a impso. Ku banki anasiya ndalama zosakwana madola 25. Manda ake anakhala zaka 18 opanda chiliza chifukwa banja linalibe ndalama. Pasanathe chaka nyimbo yake itakhala nambala 1 ku America! Anthu atatu aja kayimbidwe kameneka anakapeza katapekedwa kale, koma dzina la mwini silinaoneke pachimbale. Ine ndimati kumeneko n'kuba, kaya mapepala awo anali olongosoka bwanji.

Ndipo sinathere pomwepo. Robert John anaiimbanso mu 1972, nambala 3 ku America. Tight Fit mu 1982, nambala 1 ku Britain milungu itatu. Mu 1994 inamveka mu filimu ya Disney ya The Lion King, ndipo ya The Tokens inabwereranso pa Billboard. Miriam Makeba yekha ndi amene mu 1960 anaiimba ndi dzina lake lenileni la "Mbube" pakati pa anthu otchukawa. Nthawi yonseyi kampani ya ku America yomwe inkasunga "Wimoweh" inasainitsa mkazi wamasiye wa Linda mu 1983 pa dola imodzi, n'kudzasainitsanso ana ake aakazi mu 1992 pa dola inanso imodzi. Anthu osauka a ku Soweto, opatsidwa pepala lachingerezi cha maloya.

Zinatembenuka mu 2000 mtolankhani Rian Malan atalemba nkhani yonse mu magazini ya Rolling Stone, n'kuyerekeza kuti nyimboyi inali itapanga madola pafupifupi 15 miliyoni. Loya Owen Dean anafukula lamulo lakale la Britain la 1911, lomwe linkagwiranso ntchito ku South Africa, lonena kuti pakatha zaka 25 wopeka atamwalira ufulu umabwerera kwa osiyidwa ake. Kuwerengera kwake, unabwerera mu 1987. Mu 2004 anasumira Disney ku Pretoria ndipo khoti linagwira zizindikiro za malonda za kampaniyo m'dzikomo ngati chikole. Mu Febuluwale 2006 kampani ya Abilene Music, yomwe inkapereka chilolezo cha nyimboyi, inavomera kulipira, ndipo Linda analembedwa ngati mmodzi mwa opeka. Kuchuluka kwa ndalamazo sikunaulutsidwe. Munthu anali atagona m'manda zaka zoposa 40.

Kunena za inu tsopano. Nyimbo iliyonse ili ndi zinthu ziwiri zosiyana: chopekacho, ndiye mawu ndi kayimbidwe, ndi master, ndiye chojambulidwa mu situdiyo. Mukaimba cover, ndiye kuimbanso nyimbo ya wina, master ndi yanu koma chopekacho si chanu, ndipo ma royalty, ndalama za wopeka nyimbo ikagwiritsidwa ntchito, amapita kwa mwini. Mukasintha mawu, monga kuikamo Chichewa, ndiye mwakonzanso ntchito ya wina, ndipo pamafunika chilolezo cholembedwa kuchokera kwa publisher, kampani yosunga ufulu wa chopekacho, musanatulutse. "Mbube" yeniyeni ufulu wake unatha mu 2012 ku South Africa, patatha zaka 50 Linda atamwalira, koma mawu achingerezi a 1961 akadali ndi eni ake, Weiss wamwalira mu 2010 chabe. Mukangoikweza pa YouTube mosapempha, akhoza kuitsekera kapena kutenga ndalama zake zonse, inu mutalipira kale situdiyo ndi vidiyo. Pitani ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa opeka ku Malawi, akuuzeni kopempha.

Pa nyimbo zanuzanu, lembetsani ku COSOMA musanazipereke ku wayilesi. Musanatuluke mu situdiyo lembani pepala losonyeza amene wapeka mawu, amene wapanga beat, ndi gawo la aliyense pa 100, onse musaine. Pepala lililonse lokhala ndi mawu oti "assign" (kupereka umwini) kapena "in perpetuity" (mpaka kalekale) musalikhudze, ndi lija la mashilingi 10. Perekani chilolezo cha zaka zowerengeka, mayiko ake atchulidwe.

Komanso ndinene izi: wakunja akabwera kuti akufuna aimbenso nyimbo yanu, musamuzungulitse mpaka atope, ngakhale ndalama yoyamba ikhale yochepa. Pakanapanda Seeger ndi The Tokens, "Mbube" ikanakhala ya ku Johannesburg kokha ndipo ana a Linda akanasowa chosumira. Muloleni aimbe. Chomwe simungagonjere ndi dzina lanu pamalo pa wopeka, lolembedwa mu mgwirizano komanso pachimbale. Mafayilo oyamba a ku situdiyo, okhala ndi deti, asungeni malo awiri osiyana.