MRI yachangu ilipo, koma asadule zimene dokotala wa opaleshoni akufuna

Achemwali, mwafunsa ngati pali MRI yachangu, poti bambo anu ali ndi chotupa mu ubongo ndipo satha kugona phee mphindi 40 zimene awauza kuti ajambulidwe asanachitidwe opaleshoni. Ilipodi, koma mumve kaye chimene chimachedwetsa.

MRI sijambula kamodzi ngati X-ray. Imagwiritsa ntchito maginito ndi mafunde a wailesi, ndipo chithunzi imachitola pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. Pa chotupa samajambulanso mtundu umodzi: pali T1, T2, FLAIR yoonetsa kutupa kozungulira chotupacho, DWI yoonetsa mmene madzi akuyendera mu ubongo, kenako amabaya mankhwala a gadolinium mumtsempha n'kujambulanso kuti malire ake aoneke. Wodwala akagwedeza mutu, gawolo limatuluka mbuu, amalibwereza.

Nzeru yofulumizira ndi imodzi: makina atole mizere yochepa, kompyuta iwerengetse yotsalayo. Njira ya SENSE inachokera ku Zurich mu 1999, GRAPPA inatsatira mu 2002, ndipo zonse zimadalira tizipangizo tambiri tolandira mafunde tomwe tili mu chisoti chimene amamuveka wodwala. Makina ambiri a masiku ano ali nazo kale. Mu 2007 Michael Lustig ndi anzake ku Stanford anaonetsa compressed sensing, yomwe imadumpha mizere yambiri kuposa pamenepo. Zatsopano ndi za AI, mapulogalamu a kompyuta ophunzitsidwa ndi zithunzi zambiri: mu 2018 New York University ndi Facebook anayambitsa fastMRI, ndipo pano GE, Siemens ndi Philips amagulitsa mapulogalamu otere. Mphamvu ya maginito nayo ili ndi mbali. MRI yoyamba ku Malawi, imene inaikidwa ku Queens ku Blantyre mu 2008, inali ya 0.35 tesla, pomwe njira zachanguzi zimayenda bwino pa 1.5 kapena 3 tesla. Choncho funsani kuti makina amene akawajambulirewo ndi amphamvu bwanji.

Apa ndiye ndikuchenjezeni. Kujambula kofufuza matenda n'kosiyana ndi kujambula kokonzekera mpeni. Dokotala amafuna zithunzi zopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, zoti azilowetse mu kompyuta yomulondolera ali mu fiyeta. Chotupa chikayandikira malo olankhulira kapena oyendetsa dzanja, angafunenso DTI yoonetsa njira za mitsempha yotumiza mauthenga mu ubongo, ndi fMRI yoonetsa mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito, pomwe wodwala amauzidwa kugwedeza zala kapena kuganiza mawu ali mumakinamo. fMRI simungaithamangitse kwambiri, chifukwa magazi amatenga masekondi angapo kuti asonyeze kuti mbali ya ubongo yagwira ntchito. Ndipo AI ikakankhidwa mopyola muyeso imatha kusalaza chithunzi mpaka kachotupa kakang'ono kobisika osaoneka. Kwa ine, kufupikitsa gawo lililonse n'kwabwino, koma kuchotsa gawo lathunthu kuti muthe msanga ayi, pokhapokha dokotalayo atavomera yekha.

Pa bambowo, auzeni ojambulawo lisanafike tsikulo kuti amavutika kukhazikika. Angathe kuyamba ndi magawo ofunikitsitsa, kutchinga mutu ndi timapilo, kuwapumitsa pakati, kapena kupempha adokotala mankhwala oletsa ululu ngakhale owagonetsa pang'ono. Nenaninso ngati ali ndi chitsulo m'thupi, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kapena vuto la impso, chifukwa pa impso angafune kuyeza magazi kaye asanawabaye gadolinium.