Batani limenelo ine ayi, achimwene

Achimwene, zimene mwafunsa zija, zoti opanga KiCad, pulogalamu yojambulira mabodi a zamagetsi, aike batani loti lizikusankhirani lokha footprint (malo a kopa pomwe miyendo ya chipangizo imakhala pa bodi), ine ndakana. Kungowerenga funso lanulo mutu wayamba kundiwawa.

Chaka chatha mwini chilimira wina wa ku Senga Bay anandipatsa ntchito yopanga kabodi koyendetsa nyali za LED zokopera usipa, pa batire la 12V. Library, nkhokwe ya zojambula za zipangizo, ndinapatsidwa ndi mnyamata wina wodzitcha injiniya, akuti yake ndi yoyesedwa kale. Kumeneko n'kumene kunali mfiti. Iye anatenga symbol (chizindikiro choimira chipangizo) ya 7805, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi, n'kufufuta dzina, n'kulembapo AMS1117, kena ka ntchito yomweyo, basi. Chonsecho pa 7805 mwendo woyamba ndi wolowera magetsi, wapakati ndi ground, wachitatu wotulukira. Pa AMS1117 ya thupi la mtundu wa SOT-223 woyamba ndi ground, wapakati wotulukira, wachitatu wolowera. Palibe mwendo ngakhale umodzi umene ukugwirizana!

ERC, yofufuza zolakwika pa kalumikizidwe ka ma symbol, inali zii. DRC, yofufuza zolakwika pa bodi lojambulidwalo, sinapeze cholakwika chilichonse. Mu 3D viewer bodi limaoneka lokongola zedi. Ndinatumiza ma Gerber, mafayilo opangira bodi, ku Shenzhen ku China, ndalama yonyamulira kuposa mtengo wa mabodiwo, ndipo mukudziwa mmene dola ikusowera.

Tsiku loyesa tinali pagombe masana, mchenga ukuwotcha mapazi, bwana ataima apo ndi siginala wake komanso alovi onse atazungulira. Ndangogunditsa waya pa batire, kunamveka kuti thi, kenako kautsi, kenako fungo lija la pulasitiki wopsa. Ndati mwina ndi limodzi lokha, ndalumikiza lina, chimodzimodzi. Siginala anangoti, "Akulu, nyali za parafini sizinatipangepo zimenezi." Anthu kuseka mpaka kugwira m'mimba. Bwanayo sanaseke, anangofunsa za ndalama zake. Usiku wonse ndinali ndikudula njira za kopa ndi lezala n'kumalumikiza timawaya, bodi mpaka kuoneka ngati chisa cha mpheta. Mnyamata uja nditamuimbira akuti "kwa ine imagwira". Imagwira pati? Mpaka lero sanapepese, ali busy kugawira ena library yomweyo.

Nkhani ndi yakuti DRC imangoona ngati kopa akutsatira netlist (mndandanda wa miyendo yoyenera kulumikizana) ndiponso ngati mipata ikukwana. Datasheet, chikalata cha opanga chipangizo, siiwerenga. Batani lanulo lingachite zomwezo, kungofananitsa nambala za miyendo, 1 ndi 1, 2 ndi 2, inu n'kumagona tulo. Ngakhale ma transistor a BC547 ndi 2N3904, onse ndi a thupi lofanana la TO-92 koma miyendo ya collector ndi emitter inasinthana malo. Chimene ndingapemphe ine pa GitLab yawo, tsamba lomwe a KiCad amalandirirapo zopempha, n'choti posankha footprint pazioneka dzina la mwendo uliwonse pambali pa pad yake (kachigamba ka kopa komatirapo mwendowo), zilembo zazikulu, munthu uziona ndi maso kuti VI, mwendo wolowera magetsi, yagwera pati. Anthu amenewa amamva zinthu zikalembedwa bwino, onani push and shove router ija, chida chojambulira njira za kopa chomakankhira zina pambali, inabwera a CERN, bungwe la kafukufuku wa sayansi la ku Ulaya, atalowererapo cha m'ma 2013.

Ndiye musakhulupirire library ya munthu, chilichonse jambulani nokha datasheet ili pambali. Komabe musadzivutitse kwambiri, AMS1117 ilimo kale mu library imene imabwera ndi KiCad, ndipo ili bwinobwino, ingotengani. Musindikizenso bodi papepala pa 1:1 n'kuikapo zipangizo zenizeni musanalipire, ngakhale vuto langa lija pepala silikanaligwira. Ndipo ngati nonse mukugwirira ntchito limodzi, khalani pa version imodzi, fayilo yosungidwa mu KiCad 8 siitseguka mu 7.