Yankho kwa mayi a ku Luchenza pa za mwana wofuna kuimba jazi pa akodiyoni

Mayi, mwafunsa ngati alipo munthu amene anapezapo tsogolo poimba jazi pa akodiyoni, popeza mwana wanu wakonda chida chimene agogo ake ankaimbira kutchalitchi, pomwe anzake akumuseka kuti ndi cha nkhalamba. Alipo ndithu, ndipo amene ndikufuna kuti mumudziwe ndi Richard Galliano wa ku France.

Galliano anabadwa mu 1950 mumzinda wa Cannes, ndipo anayamba akodiyoni ali ndi zaka 4 pophunzitsidwa ndi bambo ake, a Lucien Galliano, omwe ntchito yawo inali yophunzitsa chida chomwechi. Atasinkhuka analowa sukulu ya nyimbo ku Nice, kumene anaphunzira lipenga la trombone komanso kalukidwe ka makodi, omwe ndi manotsi angapo olira pamodzi mogwirizana. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa jazi imafuna kuti woimba azipeka nyimbo nthawi yomweyo pamwamba pa makodi amene anzake akuyendetsa, ndipo munthu wongoloweza malo oika zala sangakwanitse zimenezi ngakhale zala zake zitakhala zothamanga motani. Mu 1973 anapita ku Paris nakagwira ntchito ndi woimba Claude Nougaro, ndipo pambuyo pake anaimbanso ndi akatswiri a jazi monga Chet Baker ndi Ron Carter.

Komabe chimene chinasintha moyo wake ndi malangizo a Astor Piazzolla wa ku Argentina, yemwe anali atasula tango, nyimbo zovina za kwawoko, kukhala nyimbo yatsopano. Iye anamuuza kuti abwerere ku musette, nyimbo zovina za ku Paris zimene anthu ambiri ankaziona ngati zachikale, ndipo zotsatira zake zinali chimbale cha New Musette cha mu 1991, chimene chinamutchukitsa dziko lonse. Kumbali ya uphunzitsi, Galliano ndi bambo ake analembera limodzi buku lophunzitsira akodiyoni lomwe linalandira mphoto mu 2009.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi anthu amene akunena kuti mwanayo asiye nyimbo za kwaya kuti ayambe za kunja. Ife a ku Thyolo sitiyenera kuiwala kuti malemu Alan Namoko ndi gulu lawo la Chimvu Jazz anamveka mpaka kutsidya kwa nyanja ndi banjo ndi mayimbidwe a kuno komwe. Nyimbo za m'buku la mapemphero zili ndi mawu anayi olukidwa bwino, choncho mwana amene wazimvetsa wayamba kale sukulu ya makodi.

Musadere nkhawa mukaona kuti Galliano amaimba akodiyoni ya mabatani mbali zonse pomwe yanuyo ili ndi makiyi ngati a piyano, chifukwa Art Van Damme wa ku America, amene anabadwa mu 1920 namwalira mu 2010, anaimba jazi moyo wake wonse pa yamakiyi. Ngati mphunzitsi wa akodiyoni akusowa, woimba kiyibodi wodziwa kuwerenga manotsi atha kumuthandiza dzanja lamanja, pomwe mabatani a kumanzere, omwe pa akodiyoni yaikulu amakwana 120, angawazolowere pang'onopang'ono chifukwa anasanjidwa mwadongosolo lobwerezabwereza.

Chidacho musachisiye pansi kapena chotsamira khoma m'nyengo ya chiperoni, chifukwa chinyontho chimachititsa dzimbiri timalilime tachitsulo totulutsa mawu, ndipo musachiyanikenso padzuwa, pakuti timalilimeto tinamatidwa ndi phula lomwe limasungunuka likatenthedwa.