Mwana wanga walakwa phunziro la malamulo a zachipatala, kodi n'lofunikadi?

Mayi wina wa ku Ntcheu walemba motere: "Ndimagulitsa mbatata ya kachewere pa Tsangano, ndipo fizi ya mwana wanga imachokera pamenepo. Akuphunzira za Medical Assistant, ali chaka choyamba. Maphunziro ovuta aja, za thupi la munthu ndi za mankhwala, wakhoza bwino. Walakwa limodzi lokha, la malamulo ndi khalidwe la pa ntchito, lomwe iye amati ethics. Akuti n'longodzazira nthawi, komanso mphunzitsi wake amamuda. Tsopano akufuna ndalama ya mayeso obwereza. Kodi phunziroli lili ndi ntchito?"

Mayi, ndalamayo mupatseni, koma mawu akuti n'longodzazira nthawiwo mubwezereni. Akapanda kukhoza phunziroli satifiketi satenga, ndipo wopanda satifiketi bungwe la Medical Council of Malawi silimulemba m'kaundula. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la Medical Practitioners and Dentists Act la 1987, ndipo ndilo limaloleza madokotala, ma Clinical Officer ndi ma Medical Assistant kugwira odwala. Lomwelonso ndi limene limayitanitsa munthu akalakwitsa, kumuyimitsa kapena kumufufuta m'kaundulamo. Sindinamvepo woti anamulanda layisensi chifukwa choiwala dzina la fupa. Zimene zimagwetsa anthu ndi pakamwa, cholembera ndi makiyi a chipinda cha mankhwala.

Taganizirani kumene mnyamatayu akupita. Akatha zaka zake ziwiri, n'kutheka adzamutumiza ku chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene dokotala weniweni amangofika mwa apo ndi apo. Kumeneko adokotala adzakhala iyeyo, mwinanso inchaji, pamodzi ndi namwino mmodzi kapena awiri ndi alangizi a zaumoyo. Nyumba yake idzakhala kuseri kwa chipatalacho. Mayi amene anamuyeza dzulo ndi yemwe adzamugulitse tomato lero, ndipo Lamulungu adzakhala benchi imodzi kutchalitchi.

Ndiye tsiku lina madzulo, atakhala pakhonde, padzafika bambo atakolekera nkhuku m'khwapa. Adzalonjerana bwinobwino, adzakamba za mvula, kenako bamboyo adzatsitsa mawu: "Adokotala, mayi a kunyumba anabwera kuno dzana. Mwawapeza ndi chiyani?" Mayiwo anawapeza ndi HIV, ndipo anapempha kuti amuna awo adzawauze okha akalimba mtima. Pamenepo buku la mankhwala silithandiza. Chofunika n'chakuti pakamwa pa mwana wanu patuluke mawu monga awa: "Bambo, za wodwala ndimakamba ndi mwini wake. Mawa mubwere nonse awiri, tidzakhale pansi." Nkhukunso ibwerere. Lamulo la HIV and AIDS (Prevention and Management) Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa wachipatala kuulula za HIV ya munthu mwini wake asanavomere. Kalipo kakhomo kopapatiza kouzira mnzake wogona naye, koma kali ndi ndondomeko yake, yoyambira pa kulangiza wodwalayo ndi kumupatsa mpata woti anene yekha. Pakhonde si pamene pamachitikira zimenezo.

Chinsinsi chimathanso kutayika munthu asanaganize n'komwe zoipa. Ndinakhalapo pamzere pa chipatala china, m'mawa, benchi itadzaza. Wantchito wina anatuluka n'kukuwa: "Odzatenga ma ARV khalani mbali iyi!" Mayi amene ndinayandikana naye anaweramitsa mutu, anakoka chitenje n'kudzifunditsa, anadikira pang'ono, kenako ananyamuka ngati akupita kuchimbudzi. Mpaka ine kuchoka sanabwerenso. Wantchitoyo ankangofuna kuti mzere uyende msanga. Masiku ano kwawonjezereka foni: wophunzira ajambula bala lachilendo kuti aonetse anzake pa gulu la WhatsApp, nkhope ya wodwala ikuoneka, ndipo pofika madzulo chithunzicho chafika kwawo kwa wodwalayo.

Gawo limene ophunzira ambiri amalipeputsa ndi la chilolezo. Amaganiza kuti ndi kudinditsa chala pa fomu basi. Chala chodindidwa pa pepala lachingerezi, munthu asanamve m'chilankhulo chake chimene ati amuchite, kuopsa kwake ndi njira ina imene ilipo, si chilolezo. Pamenepa mwambo wathu ndi lamulo zimakokanakokana. Kwathu kuno zazikulu amagamula mwinimbumba kapena bambo wa pakhomo, ndipo mudzamva mayi akutaya magazi koma achibale akuti, "Tidikire malume abwere." Pamaso pa lamulo, mayi wamkulu wa maganizo abwinobwino amavomera kapena kukana yekha. Mwana wanu ayenera kudziwa kulemekeza malumewo, kuwapatsa mpando ndi kuwafotokozera ngati wodwala walola, koma osamulanda mayiyo mawu ake.

Pa ana napo pali manambala oti asasokoneze. Chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho pa zambiri amamuvomerera ndi kholo kapena womulera. Koma pa kuyezetsa HIV, wa zaka 13 akhoza kubwera yekha. Munthu wamkulu wa mpingo wokana mankhwala akhoza kudzikanira yekha, ngakhale wachipatala mtima ukumuwawa. Akakanizira mwana amene wadwalika, nkhani yasintha, ndipo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ayenera kudziwa msanga.

Palinso tsiku limene palibe wophunzira amalilota. Adzabwera naye mtsikana wa sitandade 6, wogwiriridwa ndi wachibale. Mankhwala oteteza ku HIV, omwe amati PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kumubweza kuti ayambe wakatenga kalata ku polisi ndi kumulakwira kachiwiri. Kenako akuluakulu a banja adzamukokera pambali: "Adokotala, izi tikakambirana pachibale, musalembe zambiri." Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalamula wachipatala kudziwitsa apolisi kapena a zachisamaliro cha anthu akaona kuti mwana wachitidwa nkhanza. Zimene adzalembe usiku umenewo, nthawi, zimene waona ndi maso, mawu a mwanayo monga wawanenera, zidzawerengedwa pamaso pa majisitireti patapita miyezi, iye ataima m'bokosi, loya akumufunsa chifukwa chake sanalembe tsiku. Chimene sichinalembedwe, kukhothi amachitenga ngati sichinachitike. Kulemba zimene kulibe nakonso ndi mlandu: kukuza bala mu lipoti la kupolisi chifukwa wovulalayo wapereka kangachepe, kapena kudindira mnzako kalata ya matenda ali bwinobwino.

Za kuba mankhwala sinditaya nthawi, mukuzidziwa. LA wa boma, mankhwala a malungo aja, amapezeka m'maokala, ndipo Unduna wa Zaumoyo unachita kukhazikitsa gulu lofufuza umbava umenewu. Ndingokuchenjezani inuyo, Mayi, poti chiyeso choyamba kawirikawiri chimachokera kunyumba. Musadzamutume kuti pobwera akutengereni timapilitsi ta azakhali ake.

Nanga akonzekere bwanji mayeso obwerezawo? Ndikuganiza kuti analakwa chifukwa choloweza. Anatomy, phunziro la za thupi la munthu lija, imalola kuloweza, ethics ayi. Funso limabwera ngati nkhani, monga ya bambo wa nkhuku uja, ndipo wongondandalika matanthauzo a m'notsi amapeza zochepa. Apeze kabuku ka Medical Council ka malamulo a khalidwe la pa ntchito, Code of Ethics and Professional Conduct, akawerenge konse, si kakakulu. Pa nkhani iliyonse azidzifunsa kuti lamulo likuti chiyani, angapwetekedwe ndani, ndinena mawu ati, ndilemba chiyani, ndipo ndiuza ndani wamkulu kwa ine. Funso lomalizali anyamata anzeru amalidumpha, pomwe kudziwa pamene nzeru zako zathera n'kuyitana ambulansi ndi gawo la phunziro lomweli. Apezenso anzake awiri azisewera: wina wodwala, wina gadiyani wovuta, wina wachipatala. Azichita m'Chichewa, chifukwa mayeso ndi a Chingerezi koma odwala ake sadzamufunsa m'Chingerezi. Ayese kufotokozera agogo ake tanthauzo la chilolezo popanda liwu limodzi lachizungu, aone ngati akulidziwadi. Akapita ku mapulakitiko azisunga kope lolembamo zimene zamuvutitsa maganizo tsiku limenelo, popanda dzina la wodwala, n'kukafunsa aphunzitsi.

Zoti mphunzitsi amamuda, sindingazitsutse ndili kuno. Ngati akukhulupiriradi, sukulu zimakhala ndi njira yodandaulira ndi kupempha kuti pepala lichongedwenso. Aitsate polemba kalata, osati kung'ung'udza ku hositelo. Koma ayambe wapita kwa mphunzitsiyo mwaulemu kukafunsa pamene anataya malikisi. Mwina akamva zoti sanayembekeze.

Nkhaniyi sithera pa satifiketi. Layisensi amaikonzetsa chaka ndi chaka, ndipo amafuna umboni woti munthu akupitiriza kuphunzira. Akadzafuna kukwera kukhala Clinical Officer kudzera ku Malawi College of Health Sciences kapena ku koleji ya Malamulo ku Thyolo, kenako digiri ku Kamuzu University of Health Sciences, mbiri yake ya ku Council ndi kalata ya akuluakulu ake pa ntchito zidzamutsatira.

Akabwera ku holide, muyeseni nokha. Mukusenda mbatata, mufunseni ngati mukungocheza: "Kodi mayi uja wa kuseri kwa tchalitchi, amene anagonekedwa kumene unkachita mapulakitiko, kwenikweni akudwala chiyani?" Akakuyankhani kuti, "Amayi, zimenezo sindinganene," musakwiye, muwonjezereni ndiwo. Akayamba kukufotokozerani, muuzeni atenge kabuku kaja akhale pamphasa, ayambire tsamba loyamba.